Sabata ya nyerere za m'masamba owola

Lolemba anzathu otola nyerere m'nkhalango anatula mabokosi a timabotolo. Iwo amakokola masamba owola pamalo okwana mita imodzi mulitali ndi mulifupi, amawasefa, kenako amawapachika m'matumba a Winkler kwa maola 48. Masambawo akamauma, tizilombo timathawa kutsikira pansi mpaka kugwera m'kakapu ka ethanol, mowa waukali wosungiramo tizilombo. Chimene chimafika patebulo langa ndi chisakanizo cha tiakangaude, timphutsi, dothi ndi nyerere, zambiri zosakwana mamilimita atatu. Pafupifupi zonse zimakhala zantchito, chifukwa mfumukazi ndi zamphongo zimangopezeka mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake mabuku otitsogolera pa ntchitoyi analembedwa potengera thupi la yantchito.

Alendo akasuzumira mu maikulosikopu amayamba ndi "kofiira aka" kapena "kakuda kaja". Ine kufiira ndi kuda ndimayang'ana komaliza. Nyerere imene yangokhwima kumene imakhala yotuwa kuposa akulu ake a m'chisa chomwecho, ndipo imene yakhalitsa m'botolo imasuluka. Diso limayambira pachiuno, pakati pa chifuwa ndi mimba. Pakakhala mfundo ziwiri, kawirikawiri ndi ya banja la Myrmicinae, lalikulu kuposa onse, pokhapokha ikakhala yowonda ndi yamaso akuluakulu, pamene ndimaganizira Pseudomyrmecinae. Mfundo ikakhala imodzi, ndimaitembenuza n'kuona kunsonga kwa mimba. Kabowo kozungulira, kamene nthawi zambiri kamakhala ndi tiubweya m'mphepete, ndi ka Formicinae, ndipo ndi pamene imapoperera asidi. Kamng'alu kopingasa ndi ka Dolichoderinae. Pakatuluka mbola, mimbanso n'kuoneka yofinyika pang'ono kutsogolo, ndayandikira kwa Ponerinae. Pofika madzulo nyerere zonse zinali zitagawidwa m'timbale malinga ndi mabanja.

Lachiwiri lonse linathera pomata, ntchito yosakoma koma yosadumphika. Nyerere ikamayandama mu ethanol imapinda miyendo n'kubisa zomwe ukufuna kuona. Timaiumitsa pang'ono, kuitambasula miyendo, kenako kuimata ndi kadontho ka guluu kunsonga kwa kapepala kosongoka kobayidwa pa phini. Nsongayo imalowera kudzanja lamanja, pansi, pakati pa miyendo yapakati ndi yakumbuyo, kuti mbali yakumanzere ndi msana zioneke bwino. Guluu akachuluka amakwirira chiuno, ndiye kuti wataya nyerere. Pansi pake pamalowa kapepala ka malo, tsiku ndi nambala ya thumba. Yopanda kapepala kameneka, ngakhale ikongole bwanji, ilibe ntchito.

Tinyerere tachikasu tosafika mamilimita awiri n'timene tinandikhalitsa pampando Lachitatu. Ndi maso wamba tonse n'tofanana, koma pali kamodzi kamene sitifuna kukaphonya, Wasmannia auropunctata. Kwawo ndi ku Central ndi South America, koma kanafalikira mpaka ku Gabon, Cameroon, New Caledonia ndi Hawaii, ndipo kumene kakhazikika nyerere zakomweko zimachepa kwambiri. Apa umawerenga tizigawo ta kanyanga, kuyambira chachitali chakumutu mpaka kunsonga. Wasmannia ali nato 11, tiwiri takunsonga totupa, komanso ali ndi minga iwiri kumbuyo kwa chifuwa. Solenopsis ali nato 10, tiwiri totupa, minga alibe. Monomorium ambiri ali nato 12, totupa titatu. Kulemba n'kosavuta. Kuwerenga tizigawo tapakati, tothithikana pa kanyanga kopindikira pansi pa mutu, n'kumene kumalasa maso, ndipo umasuntha nyale uku ndi uku mpaka mizere yolekanitsa ioneke. Tonse tinatuluka 10. Tinali Solenopsis tating'ono ta m'nthaka, timene timakhala moyandikana ndi zisa za nyerere zina n'kumaba ana awo.

Nkhani yaikulu inali Lachinayi. Mtsikana amene akuphunzira ntchito kwathu anabwera ndi maphini awiri ochokera m'thumba limodzi. Pa ina panali nyerere yowonda, yamutu waung'ono ndi tinyanga totalika kupitirira mutuwo. Pa inayo panali chimutu chachikulu, chogawikana kumbuyo, chooneka cholemera kuposa thupi lonse.

"Bwana, izi ndazilemba ngati mitundu iwiri. Zikusiyana kwambiri."

"Tawerengani tinyanga, achemwali, muonenso minga ndi chiuno."

Anakhala kanthawi ali chete pa maikulosikopu, kenako anaseka yekha. Zonse zinali ndi tizigawo 12, titatu totupa, timinga tiwiri ndi mfundo ziwiri. Anali Pheidole, yantchito wamba ndi msilikali (yantchito yaikulu yachimutu), mwina ana a mayi mmodzi. Ndikuti mwina chifukwa thumba la Winkler limasakaniza zisa zonse za pamalopo, ndipo Pheidole wa mitundu ingapo amatha kukhala m'mita imodzi yomweyo. Gulu limeneli lili ndi mitundu yoposa 1,000. Katswiri wa nyerere E. O. Wilson atalemba za Pheidole wa ku America yekha mu 2003 anawerenga mitundu 624. Zizindikiro zambiri zosiyanitsa mitunduyi zili pa msilikali: timizere ta pamutu kuti tafika pati, kuya kwa mpata wakumbuyo kwa mutu, ndi timano tobisika pansi pa kamwa. Zantchito wamba za mitundu yosiyana zimafanana mochititsa ulesi.

Vuto lake ndi lakuti asilikali ndi ochepa ndipo sayendayenda kwambiri, motero m'matumba ambiri tinangopeza zing'onozing'ono. Tinaziyeza ndi kachipimo ka m'diso la maikulosikopu: kutambalala kwa mutu, kutalika kwake, kutalika kwa chigawo choyamba cha kanyanga, ndi kutalika kwa chifuwa. Ukagawa kutambalala ndi kutalika n'kuchulukitsa ndi 100, umapeza nambala yokuuza ngati mutu uli wautali kapena wobulungira, ndipo nambala imeneyo sinama ngati diso lotopa. Komabe zambiri zinathera pa Pheidole sp. 1, sp. 2, n'kumapitirira, kutanthauza kuti tinangozipatsa manambala chifukwa dzina la mtundu sitinalidziwe. Pali anzathu amene amaona ngati kulemba choncho n'kulephera, ndiye amangotola dzina la mtundu wodziwika, kawirikawiri megacephala, n'kumata pa Pheidole aliyense wofiirira. Ine ndimakana. Nambala imadikira mwini wake, pamene dzina lolakwika limalowa mu lipoti n'kukaoneka pa mapu ngati umboni. Ndinalembera a kunkhalango kuti ulendo wotsatira azithyolanso timitengo towola ndi kufukula pansi pa miyala, ndipo za chisa chimodzi aziziika m'kabotolo kamodzi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Nyerere za Camponotus ndi linthumbu nazonso zili ndi zantchito zazikulu ndi zazing'ono, koma kwa izo kukula kumakwera pang'onopang'ono, popanda malire oonekera pakati pa yaing'ono ndi yaikulu.

Lachisanu linali lopepukirako. Crematogaster satayitsa nthawi, chifukwa mfundo yake yachiwiri imalumikiza pamwamba pa mimba, n'chifukwa chake amatha kuipindira pamsana akakwiya. Panali Strumigenys angapo, tinyanga ta tizigawo 6, mutu wopanikizika kutsogolo, ndi zoyerayera ngati thonje kuzungulira chiuno. Ndimawakonda, ndipo ndimachedwa nawo dala. Yansagwada zazitali zowongoka inafuna kuti ndiione kumbuyo kwa mutu: mzere wa pamenepo ukalowa mkati n'kupanga V ndi Odontomachus, ukangodutsa mokhota ndi Anochetus. Inali Anochetus, ndipo ndinaifananitsa ndi zithunzi za pa AntWeb, tsamba la California Academy of Sciences, kumene nyerere imajambulidwa kumaso, chammbali ndi pamsana.

Zinatsala ndi za Dolichoderinae zochepa, zakuda, zofewa thupi. Tapinoma ndi Technomyrmex onse ali ndi mfundo yophwathalala yobisika pansi pa mimba, ndipo timawasiyanitsa powerenga zigawo za mimba zooneka pamwamba, zinayi kwa Tapinoma, zisanu kwa Technomyrmex. Mimba za izi zinafwapa pouma, zigawo n'kulowana. Ndazimatula n'kuziika m'kabokosi ka chinyezi kuti zifewe, ndipo ndidzaziwerenga sabata yamawa pamodzi ndi Tetramorium amene sindinawakhudze n'komwe.