Mzamba amene mtima wanga unamukhulupilira

Nditangodziwa kuti ndili ndi pakati apongozi anga anati mwana wanga usavutike, kuli agogo ena kuseri kwa damboku anabereketsa mudzi wonse uno. Agogowo ndimawalemekeza koma mtima unakana. Paja boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007 ndipo mafumu ambiri amalipiritsa chindapusa ukachilira pakhomo, koma ine chinkandiopsa kwambiri ndi magazi, akayamba kutayika pakati pa usiku mpaka upeze wa kabaza akafike nawe ku Salima boma zinthu zaipa kale.

Ndiye sikelo ndinayamba mwezi wachitatu. Anamwino analipo angapo koma panali mayi mmodzi, eee ameneyo! Asanandigwire pamimba ankayamba atikita manja awo kuti afunde, kenako kuika kachitoliro kaja khutu lili pompo, n'kumwetulira kuti kamtima kakugunda bwino aka. BP ankayeza ulendo uliwonse, Fansida ndinkamwera pamaso pawo, neti anandipatsa tsiku loyamba lomwelo paja kunyanja kuno udzudzu sugona. Olo ndifunse chinthu chimodzi katatu sankatopa nane.

Azimayi anzanga posankha mzamba onani ngati amakumvetserani, komanso ngati amanena poyera kuti apa pandikulira pitani kuchipatala chachikulu. Wanga ataona mapazi atupa mutu osasiya kupweteka, anati ndikadikilire konko masiku asanakwane. Ndinalongedza zitenje, beseni, pepala lapulasitiki ndi lezala latsopano, ndipo gadiyani wanga anali apongozi omwe aja, m'mawa uliwonse kundiphikira phala pamafuwa kuseri kwa wodi.