Mmene ndinawerengera ana amene adzabadwe pa chipatala chathu chaka chamawa

Uthenga unafika pa WhatsApp Lachiwiri madzulo, wakuti chipatala chilichonse chitumize chiwerengero cha amayi amene akuyembekezeka kudzachira chaka chikubwerachi pamodzi ndi zofunika zawo, kuti zilowe mu pulani ya boma lathu ija timaitcha DIP. Chaka cha ndalama za boma chinasintha mu 2022, tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndiye ntchito imeneyi imatipeza mkati mwa dzinja, malungo ali pachimake, nthawi yokhala pansi ndi cholembera ikusowa. Ine ndine mzamba, ndipo ndimayang'anira chipatala chaching'ono cha kumudzi kuno ku Ntcheu, pafupi ndi malire a Mozambique.

Zaka zonsezi ndinkangokopera nambala ya pa tchati cha pakhoma. Anzanga a m'zipatala mukuchidziwa tchati chimenechi: amayi a msinkhu wobereka 23 pa anthu 100 alionse, amayi oyembekezera 5 pa 100. Chimene chinandisiyitsa ndi msonkhano wa mafumu wa chaka chatha. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango n'kuwauza kuti amayi mazanamazana a m'midzi yawo sakufika ku chipatala, akuchirira kunyumba. A Gulupu ena achikulire anadikira kuti ndimalize, kenako anavula chipewa n'kunena kuti, "Mayi, ife timalipiritsa mbuzi mayi akachirira pakhomo. Chaka chino mbuzi talandira ziwiri zokha. Amayi enawo ali kuti? Tipatseni mayina." Ndinasowa choyankha. Ndinali nditaneneza anthu osalakwa chifukwa cha masamu amene sindinawafufuze.

Ndinayamba ndi chiwerengero cha anthu a m'dera lathu. Nambala imene timapatsidwa, imenenso ili mu DHIS2 (pulogalamu ya pa kompyuta yosungiramo manambala a zaumoyo), imachokera ku ofesi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu ya NSO ku Zomba. Maziko ake ndi kalembera wa 2018, amene anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno, akuwonjezereka ndi 2.9 pa 100 chaka chilichonse. Ndinaimbira mkulu wosunga manambala ku boma kuti anditumizire ya chaka chamawa, osati ya chaka chino, chifukwa apa ndi pamene ambiri timaphonya. Kenako ndinapempha a senior a alangizi a zaumoyo kuti asonkhanitse makaundula a m'midzi, aja alangiziwo (a HSA) amalemba akamayenda khomo ndi khomo. Manambala awiriwa sanafanane, ndipo sadzafanana. Ya alangizi inali yokwera. Ndinalemba onse awiri pamwamba pa pepala. Ya NSO ndi ya malipoti, chifukwa dziko lonse likuyezera pamenepo. Ya alangizi ndi yondiuza kuchuluka kwa anthu amene angagogode pa chitseko usiku.

Kuti masamu aoneke bwino, tiyerekeze kuti dera lili ndi anthu 30,000. Mukatenga 5 pa 100 mupeza 1,500. Koma kalembera wa 2018 yemweyo anapeza kuti pa anthu 1,000 alionse pamabadwa ana pafupifupi 33 pa chaka. Pa anthu 30,000 ndiye kuti ana 990. Onani mpatawo, anthu oposa 500! Amenewa ndiwo amayi aja ndinkawafuna kwa a Gulupu. Mbali ina ya mpatawu ndi yomveka, pakuti si pakati paliponse pamene pamafika pobadwa mwana wamoyo. Pena pamapita padera. Koma mbali yaikulu ndi yakuti nambala ya 5 ija ikuyenerana ndi nthawi ya amayi athu, pamene ntchembere inkabereka ana 6 kapena 7. Kafukufuku wa zaumoyo wa MDHS anapeza ana 6.7 pa mayi mmodzi mu 1992, ana 5.7 mu 2010, ndipo pofika 2015-16 anali 4.4. Kumudzi nambalayi inali 4.7 pamene m'tauni inali 3.0, choncho ife a kumudzi tiyenera kukwezako pang'ono pa 990 paja, koma osafika pa 1,500.

Ntchito yeniyeni inali ya makaundula. Ndinatulutsa a ku leba a zaka zitatu, ena chikuto chitathothoka, masamba ena atachita mawanga a mankhwala otsukira m'manja. Tinakhala masana atatu ndi mnzanga namwino, iye akuwerenga, ine ndikuchonga timizere pa pepala, mwezi ndi mwezi, mudzi ndi mudzi. Tinawerenganso amene tinawatumiza ku chipatala chachikulu asanachire, chifukwa amenewo ngakhale sanachirire kuno anadya magolovesi athu, madiripi athu ndi mafuta a ambulansi. Ku kaundula wa sikelo ya amayi oyembekezera samalani kwambiri: werengani obwera koyamba okha. Masiku ano mayi amalimbikitsidwa kuonedwa kasanu ndi katatu, ndiye mukaphatikiza maulendo onse mupeza amayi ochuluka kuposa amene alipo. Obwera koyambawo ndi muyeso wabwino zedi, popeza pafupifupi mayi aliyense amafika ku sikelo ngakhale kamodzi.

Zimene tinapeza zinandizunguza mutu poyamba. Ochirira kuno anali ochuluka kuposa amene masamu a 33 aja amalola, chonsecho ena a m'dera lathu amakachirira ku boma kapena ku chipatala cha mishoni. Midzi iwiri ya m'mbali mwa msewu inkaoneka ngati ikubereka kuwirikiza kawiri kuposa midzi inzake. Nditawaonetsa a senior anangogwedeza mutu. "A in-charge, amenewatu si a kwathu onse. Ndi a kutsidya." Kuno msewu wa M1 ndiwo malire m'malo ambiri, mukaoloka phula mwalowa m'boma la Angónia. Anthu ake ndi amodzi, ambiri Angoni, chiyankhulo chimodzi, maukwati ndi maliro amodzi. Mayi wa kutsidya akafika ku leba amatchula mudzi wa azakhali ake wa kuno poopa kuti timubweza. Ndinakumbukira mtsikana wina amene anafika mbandakucha atakwezedwa pa njinga yamoto, beseni ndi zitenje zili pamwendo, ndipo nditamupempha buku la kuchipatala anazengereza nthawi yaitali asanatulutse kakhadi kolembedwa m'Chipwitikizi kamene anakabisa m'kati mwa pepala lakuda la pulasitiki lija amayi amabweretsa loyala pa bedi. Tinamulandira, anachira bwino mwana wamkazi. Sitibweza mayi amene matenda ayamba, ndipo sitidzatero. Koma mayi ameneyu mulibe mu kalembera wa Malawi, mulibenso mu tchati cha pakhoma.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti tchati chija chinkalakwa kawiri, ndipo zolakwazo zinkabisana. Chinkachulukitsa amayi a m'dera lathu, n'kusiya kunja amayi a kutsidya. Pa lipoti tinkaoneka ngati tikulephera kufikira amayi athu, pamene zoona zake n'zakuti athu ambiri tinkawafikira n'kuwonjezerapo alendo. Ndi mmenenso zilili m'dziko lonse: pofika 2015-16 ana 91 pa 100 ankabadwira ku chipatala, kuchoka pa 55 mu 1992.

Poyang'ana kutsogolo ndinatsala pang'ono kugwa m'dzenje lina. Ndinaganiza kuti popeza kulera kwafala, ndipo kaundula wathu wa kulera akudzaza msanga ndi amayi a jakisoni ndi a kapulasitiki ka pamkono, ndiye kuti obadwa azichepa. Ayi ndithu. Mayi mmodzi akubereka ana ochepa, koma amayiwo akuchuluka. Theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18, ndipo atsikana amene anabadwa nthawi ya ana asanu ndi mmodzi pa banja ndi amene akulowa m'mabanja lero. Kafukufuku wa 2015-16 anapezanso kuti atsikana 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Zimenezi ndimaziona ndi maso pa benchi ya sikelo Lolemba lililonse, ndipo zimandipweteka mumtima, chifukwa atsikana otere ndi amene kawirikawiri njira imawachepera, n'kufunika opaleshoni. M'makaundula athu a zaka zitatu nambala sinatsike, inkakwera pang'onopang'ono. Choncho ndinatenga ya chaka chathachi, n'kuwonjezera pang'ono molingana ndi kakweredwe kameneko, osati 2.9 yonse ija, ndipo ndinalemba mizere iwiri: a m'dera lathu, ndi ochokera kunja kwa dera.

Nambala ikapezeka iyenera kusanduka zinthu zogwirika. Mayi aliyense akangochira amabayidwa oxytocin kuti asataye magazi ambiri, ndiye kabotolo kamodzi pa mayi, kuwonjezapo ena a iwo amene magazi angavute, ndipo onsewo ayenera kupeza malo mu firiji. Magnesium sulphate wa amayi okomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi sagwira ntchito tsiku ndi tsiku, koma tsiku limene wafunika sayenera kusowa. Fansidar ndi maneti ndinawerengera pa obwera koyamba ku sikelo. Katemera wa BCG, woteteza ana akhanda ku chifuwa chachikulu, ali ndi kake kovuta: botolo limodzi ndi la ana 20, ndipo likasungunulidwa silidutsa maola 6, choncho simungangogawa ana onse ndi 20. Mafomu olembetsera kubadwa kwa mwana nawonso ndinawaika. Cholemera kwambiri ndi ambulansi. Bungwe la WHO limati amayi oyembekezera pafupifupi 15 pa 100 amakumana ndi vuto loika moyo pachiswe. Mwachitsanzo, pa amayi 1,100 ndiye kuti 165, kapena kuti atatu sabata iliyonse. Ena timawathandiza konkuno, ena ayenera kuthamangitsidwa ku boma, ndipo mafuta ake ayenera kuoneka mu bajeti kuyambira pachiyambi. Za ku chidikiro ndinaziwerengera pa miyezi ya mvula, pamene amayi a kumapiri amabwera msanga poopa mitsinje, aliyense ndi womudikirira wake, nkhuni ndi ufa.

Ndisanatumize ndinakaonetsa pepalalo ku komiti ya chipatala, ndipo ndinapempha kuti a Gulupu aja aitanidwe. Ndinawauza kuti, "Agogo, chaka chatha ndinakulakwirani. Amayi aja ndinkawafuna kwa inu kunalibe." Anandiyang'ana nthawi ndithu, kenako anati alankhula ndi mafumu anzawo a kutsidya, amene amakumana nawo pa maliro ndi pa msika, kuti amayi awo azitchula midzi yawo yeniyeni popanda mantha. Pepalalo ndinalitumiza Lachisanu, mizere iwiri ija ili pamwamba ndi kufotokoza kwake. Lolemba lotsatira ndinatenga rula ndi cholembera chofiira n'kujambula kadanga katsopano kolembamo amayi ochokera kunja kwa dera m'mphepete mwa kaundula wa ku leba. Mayi woyamba kulembedwamo anafika Lachitatu usiku, ndipo nditamufunsa kwawo anatchula mudzi wa ku Angónia.