Nsagwada pa mawaya, m'mimba pa zakumwa zokhazokha

Nsagwada yanga itathyoka pa ngozi ya kabaza, adokotala anaimanga ndi mawaya ndipo kutafuna kunathera pomwepo. Chakudya changa chinasanduka ufa wa m'chitini wosungunula m'madzi, uja wokhala ndi mapuloteni, mafuta, shuga ndi mavitamini, womwera pa kapaipi. M'mimba mwanga munali bwinobwino ngoziyo isanachitike, koma ndi momwemo munandisautsa kuposa nsagwadayo.

Choyamba chinali kutsegula m'mimba. Chakumwachi n'cholemera, ndiye ukagugudiza kapu yonse nthawi imodzi chimakokera madzi m'matumbo. Anamwino anandiuza kuti ndizimwa pang'onopang'ono, kagawo kakang'ono koma pafupipafupi, komanso ndiwerenge pachitini ngati muli lactose, shuga wa mu mkaka amene akuluakulu ambiri kwathu kuno matumbo awo sagaya bwino. Zinakhazikika.

Kenaka kunabwera kudzimbidwa, ndipo apa ndi pomwe ndinaopa. Masiku ankadutsa osapita kuchimbudzi. Chifukwa chake n'chosavuta: zakumwa zambiri zotere zili ndi faiba yochepa, zotsalira zija za masamba, nyemba ndi gaga zomwe thupi siligaya. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya magalamu a faiba osachepera 25 patsiku. Faibayo imasunga madzi m'chimbudzi ndi kudyetsa mabakiteriya a m'matumbo, ndiye ikasowa, chotuluka chimachepa n'kuuma. Mankhwala opha ululu monga codeine ndi tramadol amawonjezera ulesi wa matumbowo.

Chinandikhazika mtima pansi n'kumva kuti kwa munthu wathanzi, kupita kuchimbudzi kuyambira katatu patsiku mpaka katatu pasabata zonse zili bwino. Choyang'ana si kuwerenga maulendo, koma kuuma kwake ndi ululu.

Ndinachulutsa madzi akumwa, ndikuyamba kugaya mapapaya, mapeyala ndi nyemba zopsa kwambiri mu blenda mpaka zidutse pa kapaipi. Phala la mgaiwa lamadzimadzi linathandiza kuposa zonse, ngakhale mpweya unandichititsa manyazi masiku oyamba; faiba imafuna kuwonjezera pang'onopang'ono. Kuyenda madzulo kunathandizanso.

Zina sizodikira: magazi m'chimbudzi, mimba yotupa yosatulutsa mpweya, kapena kusanza, komwe kwa munthu womangidwa nsagwada kungathe kum'tsamwitsa. Zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala.

Mawaya atachotsedwa ndinayamba ndi nthochi, mbatata yophwanya ndi nsima yofewa, nyama inabwera pambuyo.