Tinataya mphindi zoyambirira za GRB podikira chilolezo

Ntchito zambiri za sabata yathayi zinali za masiku onse, monga kuyesa zida za telesikopu yathu, kukonza zithunzi za usiku ndi kulemba malipoti amene ndikukayika ngati akuluakulu amawawerenga. Chimene chandiwawa mpaka lero ndi cha usiku wa Lachitatu.

Uthenga wa setilaiti ya Swift, yomwe imasaka kuphulika kwa kuthambo, unafika kudzera pa GCN, njira yotumizira mauthenga otere kwa akatswiri a zakuthambo, kuti kwaphulika GRB yaitali (gamma-ray burst, kuphulika kwamphamvu kochitika nyenyezi yaikulu ikamafa), malo ake ali pamwamba ndithu, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Telesikopu ikanatha kutembenukira komweko nthawi yomweyo, koma lamulo latsopano likuti tisadule ntchito ya wofufuza wina popanda chilolezo cha mkulu wa usikuwo. Ndinaimba foni mobwerezabwereza, iwo osayankha, ine maso ali pa kompyuta kuona nthawi ikupita. Pamene chilolezo chinkabwera n'kuti ola litadutsa.

Anzanga a ntchitoyi mukudziwa chimene chimatayika m'ola limenelo. Mphindi zoyambirira, kuwala kwambiri kumatha kuchokera ku reverse shock, funde lobwerera m'kati mwa mtsinje wa zinthu zotuluka m'kuphulikako zothamanga pafupifupi liwiro la kuwala, ndipo maelekitironi ozungulira mizere ya maginito amatulutsa kuwala kosonyeza mmene mizereyo yayalidwira. Ikakhala yoyalidwa mwadongosolo, polarisation, kutanthauza gawo la kuwala limene mafunde ake amagwedezekera mbali imodzi, imakwera. Mu 2012, Liverpool Telescope ya pa chilumba cha La Palma, cha dziko la Spain, inapeza polarisation ya pafupifupi 28 peresenti pa GRB 120308A patangopita mphindi zinayi chiphulikireni, kenaka chiwerengerocho chinayamba kutsika. Umenewu ndi umboni wamphamvu woti mtsinjewo umanyamula maginito adongosolo kuchokera kugwero lake. Nthawi ikapita, kuwala kumene kumatsala ndi kwa funde lakutsogolo lomwe likugunda mpweya wozungulira nyenyezi yakufayo, ndipo kumeneko maginito amakhala opiringizika, motero polarisation imatsikira pa maperesenti ochepa chabe.

Ochepawo ndi amene ife tinayeza, ndipo sakutithandiza pa funso limene chida chathu choyezera polarisation chinagulidwira, loti kodi mtsinjewu umakankhidwa ndi maginito kapena ndi kutentha kwa kuphulikako. GRB siphulika kawiri.

Lachinayi ndinalemba kalata yopempha kuti uthenga wa GRB uzitembenuza telesikopu yokha popanda kudikira munthu, monga zimakhalira pa matelesikopu odziyendetsa okha. Andiyankha kuti nkhaniyi ikambidwa pamsonkhano wa mwezi wamawa, ndipo kufikira tsiku limenelo lamulo likhala momwemo.