Dzina la Toyota: kumene linachokera ndi pamene limalekezera

Pa depoti ya minibasi ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, magalimoto ambiri amene amakhala pamzere ndi a Toyota: Hiace, Sienta, apo ndi apo Noah. Eni ake mukawafunsa chifukwa chake amatchula zinthu ziwiri, kuti masipeya ake sasowa komanso kuti Toyota siifa msanga. Choyambacho n'choona. Chachiwiricho chimadalira injini imene ili m'galimotomo ndi mmene ikusamalidwira, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amatayira ndalama, chifukwa amakhulupirira chizindikiro chapatsogolo osafunsa za injini.

Kampaniyi sinayambe ndi magalimoto ayi. Sakichi Toyoda, mwana wa kalipentala wobadwa mu 1867, ankapanga makina oluka nsalu. Mu 1924 anamaliza makina otchedwa Type G, amene ankaima okha ulusi umodzi ukangoduka. Makina akapitiriza kuluka ulusi utaduka, nsalu yonse yotsatira imatuluka yolakwika. Akaima pomwepo, cholakwacho sichipita patsogolo, ndipo munthu mmodzi atha kuyang'anira makina ambiri nthawi imodzi. Mu 1929 kampani ya Platt Brothers ya ku England inagula ufulu wopanga makinawa pa mapaundi 100,000. Mwana wa Sakichi, Kiichiro, anatsegula nthambi ya magalimoto mu 1933 mkati mwa kampani ya makina olukayo. Lole ya G1 inatuluka mu 1935, galimoto ya AA mu 1936, ndipo mu 1937 Toyota Motor Company inaima payokha. Fakitale yake inamangidwa ku Koromo m'chigawo cha Aichi, tauni imene inasintha dzina n'kukhala Toyota mu 1959.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Toyota inayamba ndi mbiri yoipa. Malole oyambawo ankawonongeka pafupipafupi. Mu 1950 kampaniyi inatsala pang'ono kugwa: mabanki anavomera kuikongoza ndalama pokhapokha italekanitsa mbali yogulitsa ndi mbali yopanga, antchito ananyanyala, oposa 2,000 anachoka, ndipo Kiichiro anatula pansi udindo. Maoda a malole a asilikali a America pa nkhondo ya ku Korea ndi amene anaipulumutsa. Kenako mu 1958 inayamba kugulitsa Toyopet Crown ku America, n'kuchita manyazi. Galimotoyo inali yolemera, injini yaing'ono, ndipo pa misewu ikuluikulu ya ku California inkatentha, kunjenjemera ndi kumwa oyilo. Mu 1960 anasiya kuitumiza kumeneko.

Kulimba kumene timakudziwa lero kunabadwa m'zaka zovutazi. Eiji Toyoda, wachibale wa Kiichiro, anakaona fakitale ya Ford ku River Rouge ku America mu 1950, n'kuzindikira kuti Toyota ilibe ndalama zounjikira zipangizo zambiri ngati Aamerika. Iye ndi Taiichi Ohno, injiniya wa kampaniyi, anakhazikitsa njira ina. Chipangizo chilichonse chimapangidwa pokhapokha gawo lotsatira lachiitanitsa, kudzera pa kakhadi kotchedwa kanban. Poti palibe mulu wa zipangizo wobisalamo, chipangizo cholakwika chimaonekera tsiku lomwelo, osati patapita miyezi. Anabweretsanso nzeru ya makina oluka ija m'fakitale ya magalimoto: wantchito aliyense akaona vuto amakoka chingwe, kapitawo amabwera, ndipo vutolo likapanda kutheka msanga mzere wonse umaima. Ohno ankaphunzitsa kufunsa "chifukwa chiyani" kasanu mpaka gwero la vuto lipezeke. Mu 1965 Toyota inalandira Deming Prize, mphoto ya ku Japan ya kasamalidwe ka ubwino wa katundu. Corolla inatuluka mu 1966, Hiace mu 1967, Hilux mu 1968, pomwe Land Cruiser inali italandira kale dzina lake mu 1954.

Pali khalidwe lina la kampaniyi limene ine ndimaliona kuti ndilo lofunika kwambiri kwa ife: Toyota sithamangira kusintha injini imene yagwira bwino. Injini ya dizilo ya 1HZ, ya malita 4.2, masilinda 6, yopanda turbo, yakhala mu Land Cruiser kuyambira 1990, ndipo ndi imene imayendetsa maambulansi ndi magalimoto ambiri a mabungwe m'misewu ya kumidzi. Ya petulo ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, inayamba mu 1999 ndipo mudzaipeza mu Corolla, Probox, Sienta, ist, Ractis, Premio ndi Allion. Injini imodzi ikakhala m'magalimoto ambiri chonchi kwa zaka zoposa 20, masipeya amadzaza msika ndipo makaniko aliyense amaidziwa.

Kuti magalimotowa achuluke kwathu kuno pali zifukwa zomveka. Ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, choncho chiwongolero chili kumanja. Lamulo lawo loyeza magalimoto, shaken, limafuna kuti galimoto yatsopano iyesedwe ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula. Ambiri amagulitsa galimoto ikadali yabwino, n'kukathera pa okushoni, pa sitima, pa doko la Dar es Salaam, mpaka pa Songwe. Ma Hilux ndi ma Fortuner ambiri atsopano a m'chigawo chino amapangidwa ku Prospecton, ku Durban.

Koma dzina likakula limatha kubisa zolakwa. Toyota inapitirira kampani ya ku America ya General Motors pa kugulitsa magalimoto mu 2008, ndipo mu 2009 ndi 2010 inaitanitsanso magalimoto mamiliyoni kuti akonzedwe chifukwa cha chopondera moto chimene chinkakodwa ndi kapeti kapena kukakamira. Akio Toyoda, mdzukulu wa Kiichiro, anakayankha mafunso ku nyumba ya malamulo ya America mu February 2010, n'kuvomera kuti kampani inakula mofulumira kwambiri. Mu 2014 inalipira chindapusa cha madola 1.2 biliyoni kaamba kobisa zimene inkadziwa. Mu 2022 Hino, kampani yake ya malole, inavomera kuti inkanamiza zotsatira za kuyeza utsi, ndipo mu December 2023 Daihatsu, kampani yake ya magalimoto ang'onoang'ono, inaimitsa kutumiza magalimoto ake onse zitadziwika kuti inkachita chinyengo pa kuyeza chitetezo. Nkhani ya Daihatsu ikutikhudza, chifukwa Passo ndi Probox, ngakhale zili ndi chizindikiro cha Toyota, zinapangidwa m'mafakitale a Daihatsu.

Tsono pogula, yambani ndi kachitsulo kokhomedwa m'chipinda cha injini kapena pa mphuthu ya chitseko. Pamenepo palembedwa nambala ya modelo ndi dzina la injini. Zilembo zoyambirira zimaulula banja la injiniyo: NCP ndi NZE ndi za NZ, ZZE ndi za ZZ. Pa Noah ndi Voxy, AZR60 ili ndi 1AZ-FSE pomwe ZRR70 ili ndi 3ZR. Pa Hiace, LH ndi dizilo wakale wa banja la L, KZH ndi 1KZ-TE, KDH ndi dizilo wa KD, TRH ndi petulo.

1NZ-FE ndi imene imayenereradi mbiri yabwino. Ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi (lamba woyendetsa mavavu mogwirizana ndi mapisitoni), imalowa oyilo wokwana pafupifupi malita 3.7 mukasintha ndi sefa yomwe, ndipo imapirira. Chimene chimaipha ndi oyilo wokhalitsa. Oyilo akasanduka phala lakuda amatseka kasefa kakang'ono ka VVT-i (makina osintha nthawi imene mavavu amatseguka), tcheni chimayamba kulira m'mawa, kenako chimatamuka. Pa fumbi lathuli ndi maulendo afupiafupi a m'tauni, makilomita 5,000 ndi malire abwino osinthira. Musanagule, tsegulani chivindikiro chothirira oyilo muunike mkati ndi tochi: zitsulo zizioneka zoyera kapena zofiirira pang'ono, osati zomatidwa ndi zakuda.

Mainjini a 1ZZ-FE a zaka zoyambirira ndi 2AZ-FE ya malita 2.4 ali ndi vuto lochokera ku fakitale komwe: timabowo tobwezera oyilo pa pisitoni timatsekeka, maringi amakakamira, injini n'kuyamba kuwotcha oyilo. Pansi sipadontha kanthu, koma chopimira chimatsika sabata ndi sabata. Mwini akangodalira dzina osapima, tsiku lina injini imagogoda. Mankhwala ake enieni ndi kusintha mapisitoni ndi maringi. Oyilo wokhuthala amangobisa vutolo kwa kanthawi.

Mainjini olembedwa D-4, monga 1AZ-FSE ya mu Noah ndi 3S-FSE yakale, amapopera petulo mwachindunji mu silinda. Poti petulo sadutsa pa mavavu olowetsa mpweya kuti awatsuke, mwaye wochokera ku EGR, njira yobwezera utsi wina mu injini, umaunjikana m'njira za mpweya mpaka galimoto imanjenjemera ndi kuzima pa roboti. Pa 3S-FSE, pampu ya petulo ikatha imadonthetsera petulo mu oyilo. Mukaona oyilo akukwera pa chopimira m'malo motsika, ndipo akununkha petulo, imikani galimoto.

Pa dizilo, 1KZ-TE ya malita 3.0 ili ndi mphamvu yosangalatsa koma siikhululuka ikatentha. Hedi yake ndi ya aluminiyamu, ndipo kutentha kamodzi kokha pa chitunda cha Chiweta kapena pokwera kuchoka ku Chikwawa kulowera ku Blantyre kutha kuing'amba. Zizindikiro zake ndi madzi otha popanda podontha, thovu lotuluka pakamwa pa rediyeta injini ikulira, ndi mapaipi a madzi olimba gwa m'mawa injini isanalizidwe. Gwero nthawi zambiri ndi rediyeta yotsekeka mkati kapena fani imene yasiya kugwira mwamphamvu ikatentha. Pa 1KD-FTV yang'anirani mawashala a pansi pa mainjekita. Akayamba kutulutsa mpweya wa moto, mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka sefa yoyamwira oyilo mu sampu, injini n'kufa ndi njala ya oyilo. Nthawi iliyonse injekita ikazulidwa, washala watsopano alowe, wakale asabwerere. Ndipo mainjini a dizilo onsewa ali ndi lamba wa taimingi: pa 3L ndi 5L amasinthidwa pa makilomita 100,000, pa 1KD ndi 2KD pa 150,000. Akaduka mukuyenda, mapisitoni amamenya mavavu. Sinthirani limodzi ndi tensioner yake (chokungira lambayo), ndipo musakhulupirire nyale ya T-BELT yokha, chifukwa imazimitsika popanda kusintha lamba.

Apa ndidandaule za chizolowezi chimene chafala m'magalaja ambiri, chochotsa thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta, ati chifukwa kuno n'kotentha. Thermostat pa mainjini ambiri a Toyota imatseguka pa madigiri pafupifupi 82, ndipo ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kuti madzi onse adutse mu rediyeta. Mukaichotsa, madzi ena amazungulira osafika ku rediyeta, ndiye pa chitunda injini imatentha ndithu, pomwe pa msewu wosalala imayenda yozizira, kumwa mafuta ambiri ndi kudya masilinda. Madzi a pa mjigo nawo amasiya miyala ndi dzimbiri m'timachubu ta rediyeta. Kulanti wofiira wa Toyota amasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi osungunulidwa a batire, pomwe wapinki amabwera wosakaniza kale.

Sienta ili ndi nkhani yakeyake. Inatuluka mu 2003 ngati galimoto ya banja, ya mipando 7, ndipo yoyendera matayala akutsogolo okha ili ndi giyabokosi ya CVT. Mkati mwa CVT mulibe magiya osinthana ngati a otomatiki wamba. Muli lamba wachitsulo wogwidwa pakati pa mapule awiri. Galimoto ikanyamula anthu khumi ndi matumba a chimanga, lambayo amaterereka, kukanda mapule, ndipo tizitsulo timafalikira mu oyilo. Oyilo wake ndi CVT Fluid TC kapena FE malinga ndi modelo. Kuthiramo ATF ya otomatiki wamba, T-IV kapena WS, ndi njira yachidule yoiphera. Kwa galimoto yonyamula anthu tsiku ndi tsiku, ine ndimalangiza kusintha oyiloyu pa makilomita 40,000 aliwonse. Probox nayo, imene ambiri amaiyesa lole, inalembedwa kunyamula makilogalamu 400.

Ma hybrid, magalimoto oyendera petulo ndi magetsi a batire omwe, amene Toyota inayamba nawo ndi Prius mu 1997, akuchuluka chifukwa cha mtengo wa mafuta. Batire lalikulu la Aqua yoyamba lili ndi mamojulo 20 opereka mavoti 144, ndipo limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya pansi pa mpando wakumbuyo. Fumbi ndi ulusi wa zovala zikatseka kafaniko, kapena katundu akatchinga polowera mpweya, batire limatentha n'kufooka, ndipo makina oyezera amaonetsa P0A80, nambala yotanthauza kuti batire lisinthidwe. Kuyeretsa kafaniko kamodzi pachaka n'kotchipa kutalitali poyerekeza ndi batire lina. Mawaya a mtundu wa lalanje asakhudzidwe ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo, magetsi ake amapha.

Chomaliza n'cha moyo weniweni. Magalimoto ambiri a m'zaka za m'ma 2000, a Toyota ndi a makampani ena, anaikidwa ma airbag (matumba ofufuma pa ngozi kuti ateteze munthu) a kampani ya Takata, imene inagwa mu 2017. Mankhwala ake ophulitsira, ammonium nitrate, amawonongeka akakhalitsa pamalo otentha ndi achinyezi, monga ku Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay, ndipo pa ngozi kachitini kake kamatha kuphulika n'kumwaza zitsulo kumaso kwa woyendetsa kapena wokwera. Galimoto imene inachoka ku Japan isanakonzedwe ikadali ndi kachitini komweko. Tengani nambala ya chesisi pa kachitsulo kaja, muilembe pa tsamba la pa intaneti la Toyota ya ku Japan loonera magalimoto oitanitsidwanso, ndipo lidzakuonetsani ngati pali ntchito imene sinachitike. Ikapezeka, pitani nayo kwa ogulitsa Toyota ovomerezeka mukafunse za kusintha kachitiniko.