Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Ku Venice, Mzinda Woimikidwa pa Madzi

M'gawo lapitalo ndinalongosola za zaka zanga zoyamba pa ntchito ya unamwino ku Leeds. Mu Okutobala 2022 ine ndi mayi akunyumba tinagwirizana kuti tchuthi cha chaka chimenecho tikaone Venice, kumpoto chakum'mawa kwa Italy, chifukwa monga mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota ndinkafunitsitsa kuona mmene anthu amakhalira mumzinda umene misewu yake ikuluikulu ndi ngalande zamadzi.

Malo ogona tinawapeza ku Mestre, kumtunda, kumene mitengo ndi yotsikirapo, ndipo m'mawa tinkakwera sitima yodutsa pa mlatho wa makilomita pafupifupi 4 kukatsikira pa siteshoni ya Santa Lucia. Kuchokera pamenepo munthu sakumananso ndi galimoto. Mzindawu uli pa tizilumba 118 tolumikizidwa ndi milatho yoposa 400, ndipo nyumba zake zinaimikidwa pa mitengo yokhomeredwa m'matope, imene siwola msanga popeza pansi pamenepo sipafika mpweya. Basi ya kumeneko ndi boti lotchedwa vaporetto. Odwala amatengedwa pa boti la ambulansi, zinyalala zimachoka pa boti, ndipo ngakhale maliro amapita pa boti kumanda a pachilumba cha San Michele.

Ku bwalo la San Marco tinapitako monga alendo onse amachitira. Tinalowa m'tchalitchi chimene chimasunga mafupa amene amati ndi a Marko Woyera, amene amalonda awiri a ku Venice anawatenga ku Alexandria m'chaka cha 828, tinaonanso nyumba ya Doge, mtsogoleri wa dziko la Venice lisanagwetsedwe ndi Napoleon mu 1797. Ndi malo ochititsa kaso, koma khamu la anthu linali lalikulu moti sitinakhalitse.

Kumene mtima wanga unakhazikika ndi kumsika wa nsomba wa Rialto. Gondola ya alendo, lomwe ndi bwato lalitali lopalasa, panthawiyo inali mayuro 80 kwa theka la ola, ndalama imene ndinaona kuti n'kuwononga chabe, choncho tinakwera traghetto, gondola yaikulu yowolotsa anthu pa ngalande yaikulu ya Canal Grande ndi mayuro 2 okha, opalasa awiri ali chiimire. Titatsika tinapeza matebulo a madzi oundana atadzaza nsomba, nkhanu ndi seppie, nyama zofewa za m'nyanja za miyendo yambiri, zothimbirira ndi inki yake yakuda, ogulitsa akuzitumbula ndi mpeni waufupi uku akucheza ndi amayi okalamba okoka tingolo tawo ta kumsika. Pakhoma pali mwala wakale wolembedwa mayina a nsomba ndi msinkhu umene iliyonse iyenera kufika isanagulitsidwe, ndipo sadini yosakwana masentimita 7 inali yoletsedwa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikukumbukira mmene malemu bambo anga ankadandaulira za anthu okokola kasawala ndi makoka a maso aang'ono, kuti tsiku lina chambo chidzasowa m'nyanja yathu. Anthu a ku Venice anazindikira kalekale kuti wodya nsomba yaing'ono wadya mbewu, ndipo lamulolo analiika poyera pamene wogula ndi wogulitsa onse angaliwerenge.

Pafupi ndi msikawo pali timalo tating'ono totchedwa bacari, kumene anthu amadya chiimire tizakudya ta cicchetti. Chimene chinandikomera koposa ndi sarde in saor: sadini zokazinga zosanjikizidwa ndi anyezi wambiri wophikidwa mu viniga, pamodzi ndi mphesa zouma, kenako n'kusiyidwa kuti zilowerere. Kaphikidwe kameneka kanayamba ndi asodzi ndi amalinyero amene ankafuna nsomba yosavunda msanga pa ulendo, ndipo kukoma kwake, kowawasa komanso kotsekemera, kumabwera chifukwa cha kudikirako. Mayi akunyumba anakonda baccalà mantecato, nsomba youma yochokera ku Norway imene amaiviika m'madzi, kuiphika ndi kuipondereza ndi mafuta a olivi mpaka kusalala, n'kuipaka pa chidutswa cha polenta, ufa wa chimanga wophikidwa molimba n'kuwotchedwa pamoto. Ine ndimaona kuti chakudya chenicheni cha mzindawu ndi chimenechi, cha anthu ogwira ntchito pamadzi, osati cha m'malesitilanti okhala ndi zithunzi pakhomo.

Chinandimvetsa chisoni ndi chikwangwani cha magetsi pawindo la sitolo ina ya mankhwala pafupi ndi mlatho wa Rialto, chimene chimaonetsa chiwerengero cha anthu okhala mumzinda wakalewu. Mu 1951 analipo pafupifupi 175,000, koma chaka chimene tinapitacho anali atatsika osakwananso 50,000. Nyumba zambiri zasanduka malo ogona alendo, lendi yakwera, ndipo madzi osefukira, monga a mu Novembala 2019 amene anafika masentimita 187 pa muyeso wa kukwera kwa nyanja, afooketsa ena. Zitseko zotchinga nyanja za MOSE zinayamba kugwira ntchito mu 2020 ndipo zathandiza pa madzi, koma mabanja akupitirirabe kusamukira ku Mestre, ndipo ndi iwo amene tinkadzazana nawo m'sitima ya m'mawa akupita kukagwira ntchito mumzinda umene anabadwiramo.

M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za ulendo wathu wa ku Bruges, ku Belgium.