Lachisanu ku Senga Bay: kugona malo awiri pa tchuthi chimodzi

Kwacha kotentha monga mwa Okutobala, mwera unaleka kalekale ndipo nyanja ili bata. Tsiku la Anakubala la pa 15 layandikira, ndiye malo ogona alendo akudzaza kuchokera ku Kambiri mpaka kutsinde kwa mapiri a Senga. Nkhani yomwe yatenga tsiku la lero, polandirira alendo ngakhalenso pa mafoni, ndi ya mabanja ogawa tchuthi chawo pawiri: masiku ena kuno ku Salima, ena ku Nkhotakota.

Malo ambiri amafuna kuti mlendo akhale atatuluka m'chipinda pofika 10 koloko m'mawa. Komwe akupitako, chipinda sachipereka isanakwane 2 koloko masana. Maola anayi amenewa ndiwo amabala mavuto ambiri a tsiku losamuka. Cha m'ma 11 pafika banja lochokera ku Nkhotakota, bambo, mayi, agogo aakazi ndi ana. Analawirira pothawa dzuwa, ndipo anachita bwino, koma apeza kuti omwe anagona m'zipindazo angotuluka kumene, zofunda zili kochapa. Palibe wolakwa apa. Sabata ngati ino chipinda chilichonse chikutuluka munthu n'kulowa wina tsiku lomwelo, ndipo kusesa, kukolopa, kuyala ndi kutsuka kubafa kumatenga theka la ola kapena kupitirira pa chipinda chimodzi. Agogo aja adikira pamthunzi mpaka masana, mankhwala awo ali m'chikwama chomwe chinali pansi pa katundu yense m'buti.

Usiku woti mawa mukusamuka, longezani kachikwama kapadera kokhala nako pampando: mankhwala, zovala zosambira, matawulo awiri, chaja, madzi akumwa ndi zosinthira za mwana. Tsiku lomwelo imbani komwe mukupita, mufunse ngati angakusungireni katundu, ngati mungadye nkhomaliro ndi kusamba m'nyanja chipinda chisanakonzeke, komanso ngati angayambe kukonza chipinda chimodzi chifukwa cha agogo kapena khanda. Akauzidwa nthawi ikadalipo, ambiri amavomera. Chomwe sangathe ndi kukonza zipinda zitatu nthawi imodzi eni ake ali chiimire pakhomo.

Zonsezi sizikutanthauza kuti kugawa tchuthi n'koipa. Nyanja ndi yomweyi, koma Senga Bay ndi Nkhotakota zimapatsa mlendo zinthu zosiyana kwambiri. Kuno kuli mchenga, maboti opita ku kachilumba ka Namalenje ndi ku zilumba za Maleri zomwe zili mbali ya Lake Malawi National Park, komwe munthu amaona nsomba za mbuna zamawangamawanga pongoviika nkhope m'madzi. Ku Kambiri kuli malo a Stuart Grant osungirako mbuna zotumiza kunja. Pafupi ndi boma la Salima pali malo otetezera nyama a Kuti, momwe mulibe nyama zolusa, moti ana amayenda pansi kapena panjinga n'kumaona mbidzi ndi mphalapala. Ku Nkhotakota chachikulu ndi nkhalango yotetezedwa ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuiyendetsa kuyambira 2015. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mumadutsa mtsinje wa Bua, womwe mpasa zimakwera kukaswana. Kuboma kuli mkuyu womwe David Livingstone anakumana patsinde pake ndi Jumbe mu 1863, akasupe otentha a Mawira, ndipo chakumwera kwake kuli malo oumba mbiya ndi makapu komanso thamanda la Chia.

Chifukwa chenicheni chokagonera kumeneko ndi nthawi ya nyama. Nkhalango ya Nkhotakota ndi yothithikana, njovu sizioneka chisawawa ngati m'mbali mwa Shire ku Liwonde. Pamafunika kutuluka mbandakucha kapena dzuwa litapendeka, muli ndi wokuperekezani wodziwa njira zake. Kuchoka ku Senga Bay kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhotakota pa msewu wa M5 ndi pafupifupi 110. Msewuwo ngwopapatiza, muli njinga, mbuzi ndi misika ya m'mbali mwa msewu, choncho werengerani maola awiri ndi theka kapena kuposerapo. Wopita n'kubwerako tsiku lomwelo amayenda makilomita 260, amafika dzuwa lili paliwombo nyama zitabisala, n'kubwerera mdima ukugwa. Pamenepa ndi pomwe kugona malo awiri kuli ndi phindu loonekeratu.

Masana bambo ena aimba kuchokera ku Lilongwe. Ali ndi usiku utatu, akufuna uwiri kuno umodzi ku Nkhotakota. Yankho lake n'lakuti ayi, ndipo masamu ake ndi osavuta. Ulendo wogawa uli ndi masiku atatu a pamsewu: lofika, losamuka ndi lobwerera. Pa usiku utatu, tsiku lathunthu lopuma limatsala limodzi lokha, ndipo malo achiwiriwo mumangofika, kugona, n'kulongezanso. Pa usiku unayi, uwiri uku uwiri uko, mumatsala ndi masiku awiri athunthu, ndipo apa ndi poyambira. Usiku usanu ndiwo wabwino: uwiri kunkhalango, utatu kunyanja. Bambo aja alangizidwa kuti akhale kuno usiku wonse utatu, tsiku limodzi akacheze ku Kuti, ulendo wa ku Nkhotakota adzaupatse nthawi yakeyake.

Koyambira nako kumafuna kuganizira. Kwa ochokera ku Lilongwe n'kwabwino kuyamba ndi kutali. Masiku oyamba anthu amakhala ndi mphamvu zodzuka 5 koloko kukaona nyama, ndipo tsiku lomaliza, onse atatopa, ulendo wotsala umakhala makilomita pafupifupi 120 pa M14 m'malo mwa 200 ndi kanthu. Ngati malo ena ndi apamwamba kuposa anzake, apamwambawo akhale omaliza. Mwana amene wasamba padziwe masiku awiri savomera msanga chipinda chopanda dziwe, pomwe woyamba ndi chipinda wamba sadandaula konse. Chokhacho chomwe chingatembenuze ndondomekoyi ndi Loweruka. Senga Bay imadzaza pakutha pa sabata, zoimbira zimalira mpaka usiku, mitengo imakwera malo ena. Ofuna bata aike Loweruka lawo ku Nkhotakota, kuno abwere pakati pa sabata.

Pa ndalama pali zopindula ndi zotaya. Chopindula n'chakuti banja lingalawe hotela yodula usiku uwiri, masiku enawo n'kugona pa loji yotsika mtengo, pa nyumba yodziphikira, kapena m'tenti. Chotaya choyamba ndi mafuta. Kupita ku Senga Bay n'kubwerera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 240. Mukawonjeza Nkhotakota afika cha m'ma 450, osawerengera oyenda m'nkhalango. Galimoto yomwa malita 8 pa makilomita 100 ifuna malita ena pafupifupi 17. Chachiwiri ndi madipoziti awiri, aliyense ndi malamulo ake obwezera ndalama ulendo ukalephereka. Mwana akadwala malungo pakati pa tchuthi, mungataye dipoziti ya malo omwe simunafikeko n'komwe. Chachitatu, malo ena amatsitsa mtengo kwa wokhala masiku ambiri, ndipo wogawa sapeza mwayi umenewu. Funsaninso malo onse awiri ngati mtengo wanenedwawo waphatikiza kadzutsa, VAT ndi msonkho wa zokopa alendo, chifukwa wina amatchula mtengo wonse, wina amadzaonjezera pa bilu. Ndalama yolowera m'nkhalango nayo njapadera.

Mayi ena afunsa chifukwa chomwe pa intaneti anthu amayamikira kwambiri kugona mahotela awiri. Zambiri zomwe awerengazo n'za ku Walt Disney World ku Orlando, m'dziko la America, komwe kuli mapaki anayi a zosangalatsa ndi mahotela oposa 20 pamalo amodzi. Kumeneko munthu amasiya katundu polandirira alendo m'mawa, n'kukasewera tsiku lonse, madzulo n'kukapeza zikwama zitafika kale ku hotela inayo, chifukwa mahotela a kampaniyo amasamutsirana katundu okha. Kuno katundu mumanyamula nokha, ndipo pakati pa bedi loyamba ndi lachiwiri pali makilomita 130.

N'chifukwa chakenso kusamuka pakati pa maloji awiri a pagombe limodzi sindikuonapo phindu. Lero anthu ena achoka pa loji ina n'kukalowa pa ina yomwe ikuoneka chapatali pang'ono ukaima pamchenga. Alongeza, alipira bilu, adikira chipinda, amasulanso zikwama, ndipo theka la tsiku lapita koma nyanja, maboti ndi nsomba ndi zomwezo. Ofuna kulawa hotela ina apite akadye mgonero kumeneko, kapena afunse mtengo wochezerako masana okha. Kusamuka kotere kuchitike pokhapokha ngati malo omwe mukufuna adzaza masiku ena, monga zikuchitikira sabata ino.

Cha m'ma 3 koloko nkhani inali ya nsomba. Galimoto ina yafika ndi chambo chogulidwa pa mlatho wa Chia, chili mu cooler box, ayisi atasungunuka kale. M'buti ya galimoto mu Okutobala mumatentha koopsa, ndipo nsomba yosatumbula imayamba kuonongekera m'mimba. Eni ake amaganiza kuti aisunga mu firiji ya pa loji masiku atatu, koma firiji ya kukhitchini njodzaza sabata ino, ndipo magetsi akazima jenereta siyatsidwa tsiku lonse. Nsomba yopita nayo kunyumba igulidwe tsiku lomaliza, itumbulidwe pomwepo, iikidwe pa ayisi wolemera mofanana ndi nsombayo, wina pansi wina pamwamba. Yogula pakati pa ulendo idyedwe tsiku lomwelo, apo ayi gulani yowamba. Mpunga wa ku Nkhotakota ndiwo mungagule tsiku lililonse, suvuta.

Zoiwalika nazo zimachuluka kawiri. Zomwe zimatsala kawirikawiri ndi chaja pa soketi ya kuseri kwa bedi, zovala zosambira pa chingwe, thawulo kuseri kwa chitseko cha kubafa, ndi mankhwala mu firiji. Munthu mmodzi wamkulu alowe komaliza, ena onse ali m'galimoto, aone malo anayi amenewa ndi pansi pa neti. Chinthu chikatsala ku Nkhotakota inu muli kuno, chimabwera ndi minibasi mawa lake ngati wina avomera kuchitumiza, ndipo mumakachilandirira ku Salima. Zovala zonyowa musazitsekere m'jumbo tsiku lonse, zimanunkha n'kuchita nguwi. M'mawa wosamuka n'kwabwino osasamba m'nyanja, mukasambe mukafika.

Vuto lalikulu la lero labwera madzulo, ndipo ndi la madeti. Banja lina linabukitsa malo oyamba "kuyambira pa 12 mpaka pa 14", achiwiri "kuyambira pa 15". Iwo amawerenga kuti pa 14 agonanso, pomwe a pa loji analemba kuti pa 14 ndi tsiku lotuluka. Usiku umodzi watsala pabwalo, m'sabata yomwe zipinda zikusowa. Mwamwayi azindikira kudakali masiku. Pobukitsa tchulani zinthu zitatu, tsiku lolowa, tsiku lotuluka ndi chiwerengero cha usiku, ndipo tsiku lotuluka malo oyamba likhale lomwelo lolowa malo achiwiri. Zonsezi zilembedwe pa WhatsApp, pamodzi ndi uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza kuti dipoziti inafika.

Kwa opanda galimoto yawo, tsiku losamuka limatha lonse. Mukwera kuchoka ku Senga Bay kufika ku Salima, n'kukwera minibasi ina ya ku Nkhotakota yomwe imanyamuka ikadzaza, kenako kabaza, chifukwa maloji ambiri a kumeneko ali makilomita angapo kuchoka pa tala. M'nkhalango simulowa pa kabaza. Galimoto ikonzedwe ndi eni loji nthawi ikadalipo. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, timisewu ta fumbi timaterera ndipo mitsinje yodutsa M5 imadzaza, choncho imbani kaye musananyamuke.

Omwe akusamukira ku Nkhotakota mawa apatsidwa ndondomeko iyi. Bilu alipire usiku uno, chifukwa m'mawa pamakhala mzere. Adye kadzutsa 7 koloko, anyamuke isanakwane 9. Ku Salima athire mafuta thanki idzaze, atape ndalama pa ATM, agule madzi, popeza mkati mwa nkhalango netiweki imavuta ndipo kulipira pa foni kungakanike. Aime pa Chia awongole miyendo, akafika kuboma aone mkuyu wa Livingstone n'kudya nkhomaliro, kondowole ndi nsomba kwa amene akufuna kulawa chakudya cha kumeneko. Pofika 2 koloko alunjike kogona. Olowa m'nkhalango avale zoyererako, za manja aatali, chifukwa kashembe amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndipo afunsiretu nthawi yomwe geti limatsekedwa.